Ine ndingasankhe kuyandikana naye, koma ndifotokoze kaye

Achemwali mwafunsa kuti Mulungu atati akupatseni chimodzi chokha pakati pa chidziwitso, nzeru ndi kuyandikana naye mungatenge chiti, ndipo mwati inuyo mtima ukukukokerani ku nzeru poti Solomoni anapempha zomwezo Mulungu nkukondwera naye. Ndaona ambiri angoponya liwu limodzi nkudutsa, ine mundipirire ndilembako zambiri chifukwa funso limeneli linandisowetsapo tulo.

Tiyambe ndi Solomoni yemweyo poti mwamutchula. Ndi zoona, pa 1 Mafumu 3 ali ku Gibeoni Mulungu anamuonekera kumaloto nkumuuza kuti apemphe chimene akufuna, iye sanapemphe chuma kapena moyo wautali kapena imfa ya adani ake, anapempha mtima womvetsa zinthu kuti aziweruza anthu bwino. Ndipo anapatsidwadi, mlandu wa amayi awiri olimbirana mwana uja anaugamula mpaka Aisraeli onse kugwidwa nthumanzi, chaputala 4 chikuti ananena miyambi 3,000 ndipo nyimbo zake zinali 1,005. Vuto ndi loti ambirife timatsekera pomwepo Baibulo, chaputala 11 sitifikako. Kumeneko mkulu yemweyu ali ndi akazi 700 komanso apambali 300, atakalamba akaziwo anamupotoza mtima mpaka kukamangira milungu yachilendo Kemosi ndi Moleki malo opembedzerapo paphiri loyang'anana ndi Yerusalemu, tangoganizani, manja omwewo amene anamanga kachisi. Ndiye muone bwinobwino zomwe vesi ikunena, sikuti nzeru zinamuthera ayi, ikuti mtima wake sunalinso wathunthu kwa Yehova ngati mmene unalili wa Davide bambo ake. Mutu unali bwinobwino, chomwe chinasamuka ndi mtima. Mapeto ake ufumu unang'ambika nthawi ya mwana wake Rehobowamu, mafuko 10 nkupita kwa Yerobowamu.

Chomwe chimandidabwitsa ine nchoti Davide yemwe akumuyerekeza nayeyo sanali woyera ngati mngelo, nkhani ya Batiseba ndi Uriya tonse timaidziwa, inali yonyansa. Koma Natani atamuloza chala, mu Salimo 51 sakupempha kuti Mulungu amuwonjezere nzeru kuti asadzagwidwenso, akulira kuti asachotsedwe pamaso pa Mulungu komanso asalandidwe Mzimu Woyera. Ankadziwa kobwerera. Ndiye ine ndimati ngati nzeru zija zinalephera kusunga Solomoni, kuli bwanji tanzeru tangati? Chalaka bakha nkhuku singatole. Palinso Ahitofeli, phungu wa Davide, amene uphungu wake anthu ankautenga ngati wafunsira kwa Mulungu mwini, koma anathera podzimangirira Abisalomu atakana malangizo ake.

Za chidziwitso pali kankhani kena pa Mateyu 2 komwe timangokadumpha nthawi ya Khirisimasi. Anzeru a kummawa atafika ku Yerusalemu, Herode anaitana akulu a ansembe ndi alembi kuwafunsa kuti Khristu adzabadwira kuti. Sanachedwe ndi kusegula mabuku, anayankha pompo kuti ku Betelehemu, vesi ya mneneri Mika ili pamlomo. Betelehemuyo ali pafupifupi makilomita 10 kuchoka ku Yerusalemu, ulendo woti munthu apita wapansi nkubwerako tsiku lomwelo, koma sitimva kuti mmodzi mwa iwo anadzuka kukaona. Anapereka adiresi yolondola iwo nkutsala. Chichewa chathuchi chimasiyanitsa bwino, pali kudziwa za munthu ndiye pali kudziwana naye, ndipo pa Mateyu 7 anthu amene ankanenera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina lake Yesu sakuwauza kuti munalakwitsa chiphunzitso, akuti sindinakudziweni konse.

Ndinene za ine tsopano ngakhale ndi zochititsa manyazi. Panali nyengo yomwe ndinali katswiri wa mikangano ya mavesi, munthu akangolemba zolakwika ine ndafika kale ndi chaputala ndi vesi, mpaka kufufuza kuti liwu lakuti pa Chigiriki limatanthauza chiyani, anthu nkumati awa ndiye ozama. Kupemphera kwanga kunali kwa mphindi ziwiri, nthawi zina osapemphera nkomwe. Kenako mayi anga anadwala kwambiri tinagonekedwa nawo kuchipatala, usiku wina cha m'ma 2 koloko akupuma movutikira ine ndakhala pambali pa bedi foni ili m'manja ndikusakasaka vesi yoyenera, ndinapeza zambirimbiri koma pakamwa panali gwaa, sindimadziwa kuti ndiyambe bwanji kulankhula naye, zinali ngati kuimbira foni munthu amene wakhala zaka osamupatsa moni kenako lero ukufuna ngongole. Bedi loyandikana nalo panali agogo ena odikirira mdzukulu wawo, anagwada pasimenti nkuyamba kupemphera chonong'ona, amangoti Atate ndabweranso ndine ndemwe uja, mwanayu ndi wanu. Mkati mwa pempherolo anatchula vesi nkuisokoneza, mawu a Yesaya anawapatsa Yeremiya, ndipo mukhulupirire kapena ayi chinthu choyamba chomwe chinabwera mmutu mwanga chinali kufuna kuwakonza! Ndinadzimvera chisoni usiku umenewo. Mayi anachira, koma mawu aja oti ndine ndemwe uja sanandichoke mpaka lero.

Koma apa ndiye mundimvetse bwino, chifukwa pali ena akamva zoterezi amaombera m'manja nkumati eya ife za mabuku ayi, ife ndi a Mzimu basi. Ayi abale, imeneyo ndi mbuna inanso ndipo yagwetsa anthu ambiri. Munthu wosawerenga Mawu amangomeza chilichonse chomwe wina wanena bola wayamba ndi kuti Ambuye andiuza, ndipo anthu alandidwa ndalama, ena kusiya mankhwala, ena mabanja kutha chifukwa cha maulosi oti akanatsegula Baibulo lawo akanawakana. Hoseya 4:6 imati anthu akuwonongeka chifukwa chosadziwa, Paulo naye pa Aroma 10 akudandaula za abale ake kuti changu cha Mulungu anali nacho koma chopanda chidziwitso. Anthu a ku Bereya anayamikiridwa chifukwa ngakhale amalalikira anali Paulo, iwo ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zilidi choncho. Ndipo Mariya uja wa pa Luka 10 amene Yesu anati wasankha dera labwino, pamapazi pa Yesu paja sanali kungokhala chete maso ali psii, ankamvetsera mawu ake, ndiye kuti ankaphunzira. Sungati ukumukonda munthu koma zolankhula zake sufuna kuzimva.

Paulo yemweyo anaphunzira pamapazi a Gamalieli, mphunzitsi wotchuka wa chilamulo cha Ayuda, sukulu inalipo yokwanira, ndipo chidziwitso chimenecho ndi chomwe ankazunza nacho mpingo asanakumane ndi Yesu panjira ya ku Damasiko. Atakumana naye maphunziro aja sanatayike, muwerenge Aroma muone mmene akulukira Chipangano Chakale, kungoti tsopano anali ndi mwini wake. Kunalinso Thomas Aquinas, mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a zaumulungu mu mpingo wa Katolika, amene mu Disembala 1273 atachita Misa anangosiya kulemba buku lake lalikulu lisanathe, nkumuuza mlembi wake kuti zonse zomwe analemba akuziona ngati udzu wouma poyerekeza ndi zomwe waona. Anamwalira chaka chotsatira, 1274. Koma taonani kuti wonena zimenezi ndi munthu woti anathera moyo wake wonse pa mabuku, ife amene ngakhale Maliko sitinamalizepo tisathamangire kubwereka mawu akewo.

China chomwe ndikufuna musamale nacho achemwali, kuyandikana ndi Mulungu si kumva tsembwe nthawi yamatamando kapena kulira kiyibodi ikamalira mokoma. Zimenezo zimabwera nkupita. Mother Teresa, sisitere wa Katolika uja ankatumikira osauka ku India, makalata ake atatulutsidwa mu 2007 anthu anadabwa kuona kuti kwa zaka zambirimbiri ankamva ngati Mulungu ali kutali, mumtima muli mdima, koma sanasiye kupemphera kapena kutumikira odwala. Yesu pa Yohane 15 anaziika poyera kuti kukhala m'chikondi chake nkusunga malamulo ake. Ndiye kuyandikirako nthawi zambiri kumaoneka kosasangalatsa, kupepesa munthu amene unamulakwira, kubweza chomwe si chako, kugwada tsiku lomwe sukumva kalikonse.

Chifukwa changa chomaliza nchophweka. Mukatenga nzeru yokha mwatenga mphatso nkuchoka, ikadzakuchepelani mulowera kuti? Pomwe Yakobo 1:5 ikuti wosowa nzeru apemphe kwa Mulungu amene amapereka mosatonza, ndiye wopempha bwino ndi amene ali pafupi, ndipo Akolose 2:3 ikuti chuma chonse cha nzeru ndi chidziwitso chinabisidwa mwa Khristu. Mose anazigwira msanga zimenezi, pa Eksodo 33 Mulungu atanena kuti atuma mngelo atsogolere Aisraeli ku dziko lamalonjezo koma iye mwini sapita nawo, Mose anakana, anati ngati inu simupita nafe musatichotse pano. Dziko lamalonjezo lili apo, mngelo alipo, iye nkusankha kukhalabe m'chipululu.

Ine pano mikangano ya mavesi ndinachepetsa ngakhale chala chimayabwabe ndithu ndikaona wina wapotoza lemba. Kuwerenga ndiye sindinasiye, mwina ndimawerenga kuposa kale, kungoti mmawa foni ndimaisiya kaye kuchipinda china, ndimawerenga kandime kamodzi pang'onopang'ono kenako ndimamuuza Mulungu zomwe sindinamvetse ndi zomwe sindikufuna kumvera, masiku ena zimatenga mphindi 20 masiku ena ndimapezeka ndawodzera.