Mukufuna kukamuona kapena kukamutenga?

Achemwali a ku Turffontein, kalata yanu yandigoneka mochedwa. Mwati mlongo wanu akuphunzira za utumiki wa umishonale kufupi ndi Pietermaritzburg, ndiye mukufunsa ngati n'zololedwa kukamuona komanso zoti mumutengere. Ndiyankha, koma ndiyambe ndaulula tchimo langa.

Wanganso, chitsiriza m'nyumba mwathu, ali komweko. Ndinamulipirira sukulu ndine, Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndi ndalama za kuchapa ndi kusita m'nyumba za eni ake kuno ku Joni. Mwezi ukatha ndinkathamangira ku Mukuru ndisanagule n'komwe malasha a mbaula. Mumtima ndinali nditawerengera kale kuti akamaliza abwera kuno, tizigawana lendi, amayi kumudzi tiwakhomere malata. Basi tsiku lina ndingomva kuti mwana walowa chipani cha ansembe.

Ulendo woyamba ndinapita osauza munthu. Ndinakwera basi pa Park Station usiku, msewu wa N3 wonsewo, makilomita pafupifupi 500, kuzizira kwa pa Harrismith kukulowa m'mafupa. M'chikwama munali usipa, mpunga wa Kilombero, nsinjiro ndi tiyi wa Chombe, zonse zobwera ndi basi ya kumudzi kudzera Mwanza ndi Beitbridge. Ndinafika kuli chifunga, ndipo ndinapeza anyamata onse ali m'masiku a chete, opemphera osalankhula ndi munthu. Ndinakhala pabenchi mpaka masana ndikufufuma ngati mtanda wa mandasi.

Atatuluka anangoti, "Achemwali, bwanji osaimba?" Ine m'malo momufunsa za moyo, ndinayamba kumuuza kuti abwana anga akufuna mnyamata wa m'galadeni. Anaseka, kenaka anasiya kuseka. Usipa uja anakaupereka kukhitchini kuti adye onse, a ku Congo, a ku Burkina Faso, a ku Zambia. Zinandiwawa zedi. Usipa wa mlongo wanga!

Pobwerera m'basi ndi pomwe ndinakumbukira agogo. Ife kwathu ndi ku Mtakataka, pafupi ndi Mua, pomwe ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1902, chaka chimodzi a Montfort atafika ku Nzama. Agogo ankawatama azungu amenewo mpaka kumwalira kwawo, ati anatibweretsera sukulu ndi chipatala. Koma palibe tsiku anafunsapo kuti kodi kwawoko anasiya ndani akulira. Mwana wa mnzako akabwera kudzakutumikira timati ndi madalitso, wako akanyamuka timati watayika. Ndipo ndinene mosapsatira, ambiri a ife a ku Joni sitilira mlongo ayi, timalira ndalama zomwe tinathira. Timawalera ana ngati mbuzi ya chiweto yoti idzatiombole pa njala. Amene akwiye akwiye, ine ndinali woyamba kutero.

China chomwe chimandiseketsabe: kamwana komwe ndinkakabereka kumbuyo, kokodzera pamphasa, tsiku lina ndidzakatchula kuti Bambo. Amayi anayamba kale kumupatsa ulemu pa foni, ati "muli bwanji kumeneko?" Ine lilime likukanabe.

Tsono zokamuona

Pitani, koma muyambe mwamufunsa iyeyo tsiku labwino, iye akapemphe kwa mkulu wa nyumba. Nyumba iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo nthawi ya mayeso kapena ya chete musayerekeze. Funsiranitu za kogona. Ndiwo tengani zokwanira gulu, poti sadya yekha, ndi juzi yokhuthala chifukwa June wa kumeneko si wamasewera. Nkhani za ngongole za kumudzi ndi za mtsikana uja ankamufuna zisiyeni pa Park Station.

Ine ndikupitanso mwezi wamawa. Wandiuza kuti anzake a ku Congo aja akufunsa ngati usipa ubwerenso.