Kodi amphawife inshuwalansi yathu ili kuti?

FUNSO: Akonzi, ine ndimathyola tiyi kuno ku Thyolo, waganyu chabe. Mayi anga ali ndi BP, mwezi watha tinalawirira 4 koloko kupita kuchipatala cha boma, kukhala pamzere mpaka dzuwa pamutu, adokotala kungolemba m'buku kuti mankhwala atha mukagule ku famase. Anzathu a m'maofesi amangotulutsa khadi la inshuwalansi ya zaumoyo ya MASM basi athandizidwa. Nanga ifeyo? Ndipo ndalama za mankhwalazo amaziyang'anira ndani? Mayi wa ku Luchenza.

YANKHO: Pepani mayi, agogowo muwapatse moni. Ndisakunamizeni, ku Malawi kuno kulibe inshuwalansi ya boma ya anthu osauka. MASM ija ndi yolipira mwezi ndi mwezi, ambiri amangowadula pa salale. Inuyo inshuwalansi yanu ndi chipatala cha bomacho, ndipo musamaone ngati akukuchitirani chifundo ayi, munalipira kale, nthawi zonse mukagula mayunitsi a foni msonkho umakhalamo.

Vuto thumbalo ndi lopyapyala. Mu 2001 ku Abuja, m'dziko la Nigeria, atsogoleri a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ife timangozungulira pansi pake, ndalama zambiri zimachokera kwa madona, ndiye America itadula thandizo mu 2025 mwaona nokha momwe zinthu zalimbira.

Zipatala za mishoni ngati Malamulo ndi Mulanje Mission zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, n'zolipira. Boma lili ndi mgwirizano ndi zambiri mwa zipatala zotere kuti ena azithandizidwa ulere, koma kawirikawiri ndi amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, BP ya agogo mufunse kaye musanakwere kabaza.

Za kuyang'anirazo ndiye pali nkhani. Mankhwala amachoka ku Central Medical Stores Trust, nkhokwe ya mankhwala a zipatala za boma, akafika pa helofu senta pamayenera kukhala a komiti ya chipatala, anthu a m'mudzi mwanu momwemo, kuona makatoni akutsitsidwa ndi kusainira. Funsani amfumu kuti m'komitimo muli ndani, mwina mupeza ndi aneba anu amene. Kuchipatala chachikulu pa boma kulinso ombudsman wolandira madandaulo, salipiritsa. Pitani ndi buku la agogolo, muwaonetse tsiku ndi dzina la mankhwala. Nthawi zina amakhala athadi, koma nthawi zina atulukira khomo lakuseri n'kukapezeka pamsika, ndipo mukangodandaulira m'munda wa tiyi palibe angadziwe.

Pakadali pano agogo asadumphitse mankhwala, BP sichenjeza. Ku famase muitanitse mankhwala a dzina lomwe lalembedwa m'bukumo, osati zogula pa benchi.