Kodi nkhono ya Conus geographus ingagwiridwe kumbuyo kwa chigoba?

Mwafunsa ngati munthu angatole nkhonoyi bwinobwino atagwira mbali yotambalala ya chigoba, kutali ndi kukamwa kwake. Ayi ndithu, musayerekeze.

Nkhonoyi imapezeka m'nyanja zamchere za Indian ndi Pacific, pamatanthwe a m'madzi osaya, ndipo imakula mpaka masentimita 15. Ku nsonga yopyapyala ya chigoba kumatuluka chitamba chofewa chomwe chimatalika n'kupindika kubwerera m'mbuyo, moti chala chili paliponse pachigobapo chimafikiridwa. Kumapeto kwa chitambacho kumakhala dzino lamphako longa kamkondo, lodzaza ululu. Dzinolo limaboola ngakhale magolovesi opyapyala, ndipo likatha ntchito pamabwera lina kuchokera m'kathumba komwe amasungidwa. Chigoba chooneka ngati chopanda kanthu chisakupusitseni, mwini wake amangodzikokera m'kati. Ena amalumidwa atachiika m'thumba la kabudula.

Chakudya chake ndi nsomba, n'chifukwa chake ululu wake umagwiranso munthu mwamphamvu. Imasaka usiku. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Utah anapeza kuti imatulutsa insulin (michere yotsitsa shuga m'magazi) m'madzi, shuga wa tinsomba n'kutsika, tikafooka imatiphimba ndi kamwa lake lotambasuka ngati ukonde.

Munthu akalumidwa, pabalapo pena sipapweteka kwenikweni, ndipo apa ndi pomwe anthu amanyengeka. Pamayamba dzanzi, limafalikira mpaka kumilomo, maso amayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kumeza ndi kulankhula kumavuta. Chomwe chimapha ndi kufooka kwa minofu yopumira, ndipo izi zitha kuchitika m'maola ochepa chabe.

Mankhwala othetsa ululuwu kulibe. Wolumidwayo mutulutseni m'madzi msanga asamire. Mangani bandeji yotambalala molimba ngati momwe mumangira pobinya, kuyambira kuzala kukwera mkono wonse, kenako ikani kathabwa kuti mkonowo usagwedezeke. Asayende, munyamuleni, chifukwa kuyenda kumathamangitsa ululu m'thupi. Osatema pabalapo, osayamwa, osamanga chingwe chotsekeratu magazi. Pitani naye kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino. Kupuma kukasiya, mupumireni m'kamwa osalekeza kufikira madokotala atamuika pa makina opumira. Munthu wothandizidwa kupuma motere amatha kuchira ululuwo ukatha mphamvu m'thupi.

Ngati mukufuna kuiona pafupi nkhonoyi, ijambuleni ili pomwepo pamchenga, manja anu ali kutali.