Mphwanga, pa Cortina yakoyo ika 331

Eya mphwanga, ndi malume ako kuno ku Kasungu. Uthenga wako ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe pagulu pomwepa kuti achimwene ako a ku Mchinji nawonso amve, poti akuikapo ndalama zawo. Wati wapeza buloko ya Ford 302 kumeneko ku Joni, ukufuna uyiike mu bakkie ya Cortina ija, uzikathamanga nayo ku Tarlton, kubwalo la mipikisano ya magalimoto, koma Disembala ubwere nayo kumudzi pamsewu. Ndiye ukufunsa kuti uyikulitse ifike 331, 347, kapena ungogula 351 upange 408 (manambala amenewa ndi kukula kwa injini mu ma cubic inch). Ine ndikuti 331. Tenga cholembera, manambala achuluka.

Uyambe wamvetsa chimene ukugulacho. Mabowo a 302 ndi mainchi 4.000, ndipo pisitoni imayenda mainchi 3.00 kuchoka pamwamba kufika pansi, mtunda umene timautcha stroke. A ku engineering akapala mabowowo ndi 0.030 amafika 4.030, koma pamenepo injini yangokula pang'ono. Kukula kwenikweni kumachokera ku crank. Crank ya stroke ya mainchi 3.25 ikupatsa 331, amene ndi malita 5.4. Crank ya 3.40 ikupatsa 347, malita 5.7. Ma crank awiriwa akusiyana ndi mamilimita osakwana 4, ndipo kukula kwa injinizo sikusiyana ndi 5 peresenti yomwe. Mtengo wa ma kit (crank, ma rod ndi mapisitoni ogulitsidwa pamodzi) umakhala pafupifupi umodzimodzi, n'chifukwa chake anyamata ambiri amangothamangira 347.

Tsono vuto lagona pa msinkhu wa buloko. Kuchoka pakati pa crank kufika pamwamba pokhala hedi pali mainchi 8.206, ndipo mpata umenewu sukula ayi. Mmenemo muyenera kulowa theka la stroke, rod, ndi kumutu kwa pisitoni. Ma kit onse awiri amakonda kubwera ndi rod ya mainchi 5.400. Ukachotsera, pa 331 pisitoni imatsala ndi mainchi 1.18, pa 347 imatsala ndi 1.10 basi, ndipo pakampata kameneko payenera kukwana ma ring atatu. Ukaitenga pisitoni ya 347 m'manja n'kuitembenuza cham'mbali, uona kuti bowo la pini ladya mpaka mu kangalande ka ring ya oyilo. Ndiye amaikapo kachitsulo kopyapyala pansi pa ring kuti isagwere m'bowomo. Kachitsulo kameneko kali ndi kotupa kakang'ono koyenera kuyang'ana pansi, pamalo a bowo la pini, kuti kasamazungulire. Womanga akakaika mozondoka, kapena mabowo akapalidwa mosasamala, injini imayamba kumwa oyilo, utsi wabuluu kumbuyo, mapulagi kuda. Pisitoni ikatsika, siketi yake imatulukanso kwambiri kunsi kwa bowo n'kumagwedera. Ndisakunamize, 347 zambiri zimayenda bwinobwino zikamangidwa ndi munthu wodziwa. Koma iwe ukufuna galimoto yodutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Dedza, masiku awiri pamsewu, ndiye ine ndimafuna pisitoni yokhala ndi nyama yokwanira.

China, yang'ana galimoto yakoyo. Bakkie ya Cortina kumbuyo kulibe kulemera, ndipo ili pa masipuling'i a mapepala. Ku Tarlton mtunda ndi mamita 402, koma wopambana amadziwika pa mamita 18 oyambirira. Chimene 347 ikukuwonjezera ndi mphamvu ya pansi, pamene injini isanakwere, ndipo mphamvu yapansiyo ndi imene matayala ako akulephera kale kuigwira. Angopota, utsi kobo, mnzako wapita. Choopsa kwambiri ndi pamene tayala likugwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, kumbuyo kumadumpha di di di. Pamenepo ndi pamene shafuti imathyoka. Ndalama ya ma traction bar (zitsulo zoletsa kudumpha kumeneku) ndi matayala ofewa ikuchotsera nthawi yambiri kuposa ma cubic 16 amenewo. Komanso buloko ya fakitale ya 302 ndi yopyapyala. Ikayandikira mahatchi 500 imadziwika ndi kung'ambika pakati, kuchoka ku ma main bearing kukwera mpaka ku cam. Ndi mahedi abwino 331 imafika pa mahatchi 400 popanda kuikakamiza, ndipo pabuloko imeneyo pamenepo m'pokwanira.

Za 408 ndinena mwachidule. Ndi injini yabwino, malita 6.7, koma buloko ya 351 ndi yayitali ndi mamilimita 33, choncho ndi yotambalalanso. Mu Cortina mapaipi a utsi akagunda siteling'i, boneti osatseka, manifold ndi sampu za 302 osalowa. Giyabokosi ndi difu zonse usinthe. Imeneyo ndi ya bakkie yaikulu ngati Ford F100, isiye.

Pano mvetsera bwino, poti apa ndi pamene injini zambiri zimanokera. Ukakulitsa stroke osasintha hedi, compression, kupanikizika kwa mpweya ndi petulo m'bowo, imakwera yokha. Hedi ya chamber (kachipinda kopsera petulo) ya 58 cc, pisitoni yafulati yokhala ndi timaenje ta mavavu, gasiketi ya 0.040: pa 331 upeza cha m'ma 10.3, pa 347 cha m'ma 10.8. Ku Joni uli pamwamba, mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndiye injini yotere imatha kukhala chete pa petulo wa 95 n'kukupusitsa kuti zonse zili bwino. Ukatsikira ku Tete uli pansi pa mamita 200, dzuwa likuswa mtengo, galimoto yadzaza katundu wa kumudzi. Ukaponda uyamba kumva ngati timiyala m'chitini. Kumeneko ndi kugogoda, ndipo kumaswa mphepete mwa pisitoni pakati pa ma ring, kumapsereza gasiketi, kumaphwanya ma bearing. Ndiye compression isapyole 10 ngati mahedi ndi a aluminiyamu, ndipo ngati ndi achitsulo ima pa 9.5. Uwauze ogulitsawo kukula kwa chamber ya hedi yako asanakusankhire pisitoni. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi pafulati pa hedi ukhale 0.035 mpaka 0.045, ngati milimita imodzi. Usatsitse compression poika gasiketi yonenepa, imeneyo imawonjezera kugogoda komweko. Usanayambe ulendo, bweza timing ndi madigiri awiri kapena atatu. Kumbukiranso kuti petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku nzimbe, wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndiye mapaipi a labala ndi zam'kati mwa kabuleta ugule zopirira ethanol.

Mahedi ndiye pokaika ndalama. Mahedi a fakitale, monga aja olembedwa E7TE, vavu yolowetsa ndi mainchi 1.78 okha. Ukawaika pa 331, injini ikafika 5,000 yatha mpweya, ikungolira osakoka. Funa mahedi a njira za 170 mpaka 185 cc, vavu yolowetsa 1.94 kapena 2.02. Cam usatengeke ndi phokoso. Tenga hydraulic roller ya madigiri 220 mpaka 226 pa 0.050, lobe separation 110 kapena 112. Yoposa pamenepo vacuum imagwa, mabuleki amauma, ndipo pa mahampu a pa Mponela kapena pa Kamwendo izikuzimira. Cam ndi imenenso imalamula firing order: 302 yakale ndi 1-5-4-2-6-3-7-8, koma ma cam ambiri a roller ndi 1-3-7-2-6-5-4-8. Ukasokoneza mawaya izingophulika mu kabuleta. Kabuleta werengera chonchi: 331 kuchulukitsa ndi 6,000 (rpm yapamwamba ya injini), kugawa ndi 3,456, upeza 575. Ndiye ya 600 kapena 650 cfm, muyeso wa mpweya umene imalowetsa, yakwana. Ya 750 idzangokupatsa kudodoma ukaponda.

Pomanga, usalole kuti amange kamodzi n'kutseka. Amange koyesera kaye, crank ndi ma rod m'malo mwake, azungulitse ndi dzanja pang'onopang'ono akuyang'ana kunsi kwa mabowo. Mabawuti a rod amadutsa pafupi ndi buloko, pa 347 kawirikawiri amagunda ndithu, pa 331 nthawi zina. Pamene payandikira alembe, apale mpaka patsale mpata wa mamilimita 1.5 kapena 2, ayang'anenso pokhala pampu ya oyilo. Akatha atsuke buloko ndi madzi otentha a sopo ndi maburashi m'njira zonse za oyilo, chifukwa fumbi la chitsulo likatsalamo limakathera mu bearing. Mpata wa ma bearing ukhale 0.0020 mpaka 0.0025, ayeze, asangokhulupirira bokosi. Ring yapamwamba itseguke cha m'ma 0.018, ndipo ngati mumtima muli maganizo a nitrous, gasi wowonjezera mphamvu ya injini, nena lero, poti imafuna mpata wokulirapo ndi pisitoni za forged. Pakati pa vavu ndi pisitoni ayeze ndi dongo la ana lija: 0.080 kolowetsa, 0.100 kotulutsa.

Balansi usaiwale, mphwanga. Ma 302 ofika chaka cha 1980 ndi a balansi ya 28 ounce, oyambira 1981 ndi a 50 ounce. Ma kit ambiri a stroker ndi a 28. Ukamangirira flywheel ndi damper za 50 pa crank ya 28, injini imanjenjemera mpaka galasi loonera kumbuyo osaonamo kanthu, ndipo ma main bearing satenga nthawi. Crank, ma rod, mapisitoni, damper ndi flywheel zipite limodzi ku balansi.

Difu ya Cortina singapirire, funa ya Ford 9-inch kapena 8.8 yofupikitsidwa, yokhala ndi limited slip. Pa tayala la mainchi 26, ukamayenda 100 pa giya yomaliza yopanda overdrive, difu ya 3.55 injini ili pa 2,850, ya 3.73 ili pa 3,000, ya 4.11 ili pa 3,300. Ganizira kuchoka Lilongwe kufika Kasungu injini ikukuwa pa 3,300, petulo akungotha. Ndi giyabokosi ya T5 ya magiya asanu, 3.73 yomweyo imatsika kufika cha m'ma 2,050, koma T5 mphamvu yake imathera cha m'ma 400 Nm, ndipo 331 yabwino imapyola pamenepo, ndiye ukamadumphitsa kilatchi pa matayala ogwira giya yachitatu siichedwa. Ngati ku Tarlton uzipitako kawirikawiri, tenga giyabokosi ya C4 ya otomatiki, converter ya 2,500 mpaka 2,800, difu 3.55, ndi kaladiyeta kake ka oyilo wa giyabokosi. Ladiyeta yaikulu ya aluminiyamu, fani yokhala ndi chotchingira chake, mabuleki a kutsogolo okulirapo, zimenezo ziwerengere pa bajeti lero lomwe. Nambala ya injini yatsopano ilowe m'mapepala a galimoto usanafike pa boda. Ndipo ndikupempha pamaso pa mayi ako ali pagulu pano, liwiro likathere ku Tarlton. M1 ya kuno ndi ya akabaza, ngolo ndi ana a sukulu.

Usanalipire kalikonse, gwada pafupi ndi pokhala sitata, pukuta, ujambule nambala yoyambira ndi C, D, E kapena F. C ndi ya m'ma 1960, D m'ma 1970, E m'ma 1980, F m'ma 1990. Mabuloko a cam ya roller anayamba 1985, ndiye tidziwa cam yoyenera. Ujambulenso kumbuyo kwa crank tione ngati seal ndi yathunthu kapena ya zidutswa ziwiri, poti crank yatsopano iyenera kugwirizana nayo. Kenako a engineering ayeze mabowo onse asanu ndi atatu ndi kunenepa kwa makoma ake. Akapeza kuti inapalidwa kale kufika 4.040 kapena kupyola, usaigule, funa ina. Unditumizire zithunzizo madzulo ano.