Atandichotsa bere phewa lauma, nditani?

Funso: Adokotala, patha masiku 10 chichotsereni bere langa lakumanzere chifukwa cha khansa. Kapaipi kotulutsa madzi kakadali pabala ndipo phewa lauma. Kodi zimenezi n'zoopsa? Nanga bere lina angandikonzere liti?

Yankho: Pepani mayi, koma musade nkhawa. Kapaipiko kamachotsedwa madzi akamachepera mamililita 30 pa tsiku, choncho muziyeza madzi otuluka m'botolomo tsiku lililonse n'kulemba. Akakachotsa, madzi ena amatha kudzikundikira pansi pa khungu n'kutupitsa pabalapo. Musafinye ayi. Achipatala amawatulutsa ndi jekeseni. Koma bala likafiira, likatentha, likatulutsa mafinya, kapena thupi likatentha kupitirira madigiri 38, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Phewa limauma chifukwa cha opaleshoniyo komanso kuopa kuligwiritsa ntchito. Pakadali pano muzilizunguza pang'onopang'ono osakweza chigongono kupitirira phewa. Kapaipi kakachoka, imani moyang'ana khoma, yendetsani zala pakhomapo kupita m'mwamba mpaka mumve kukoka, osati kupweteka, katatu pa tsiku. Zolemera zisiyeni kwa milungu 4 mpaka 6.

Ngati anachotsanso anabere a m'khwapa, dzanja la mbali imeneyo liyang'anireni moyo wonse, chifukwa limatha kutupa patapita zaka. Mphete ikayamba kuthina, kaonaneni ndi dokotala msanga.

Za bere lolowa m'malo mwa lochotsedwalo, amalikonza ndi silikoni (kathumba kofewa komwe amakaika m'kati mwa khungu) kapena ndi mnofu wa pamimba kapena kumsana. Ngati mudzalandira chithandizo cha radiation (chopha khansa ndi cheza champhamvu), nthawi zambiri amadikira miyezi 6 kapena kuposerapo chithandizocho chikatha, popeza khungu limakhala litauma ndipo bala limachedwa kupola.