Bizinesi yothandiza odwala opita kunja: poyambira pake

Achimwene, mwafunsa ngati munthu amene si dokotala angapeze bizinesi pa odwala amene amapita kukalandira chithandizo kunja. Mwayi ulipo, makamaka pa ntchito yolumikiza wodwala ndi chipatala.

Yambani ndi zipatala ziwiri kapena zitatu zokha, zokhala ndi chiphaso cha JCI (bungwe loyendera ndi kuvomereza zipatala m'mayiko osiyanasiyana), kapena cha NABH (bungwe lotero la ku India) ngati ndi ku India. Tumizani malipoti a wodwala, zithunzi za sikani ndi zotsatira za magazi, ndipo chipatala chiyankhe mochita kulemba: opaleshoni yanji, masiku angati ogonekedwa, mtengo wake, ndi zomwe sizili mu mtengowo. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Mtengo woyamba nthawi zambiri suwerengera masiku owonjezera ku ICU (chipinda cha odwala mwakayakaya), ndiye ndalama zimathera banja lili kutali ndi kwawo, mlandu n'kugwera inu.

Ku India, e-Medical visa (chilolezo cholowera m'dzikolo kukalandira chithandizo, chopemphedwa pa intaneti) imafuna kalata yochokera kuchipatala, ndipo operekeza amaloledwa awiri. Malo ogona pafupi ndi chipatala, womasulira ndi galimoto zingakubweretsereninso ndalama.

Ngati chipatala chikukupatsani komishoni, muuzeni wodwala poyera, chifukwa akadzazitulukira yekha sadzakukhulupiriraninso. Musalonjeze kuti achira; zimenezo si zanu.

Ambiri amaiwala za pobwerera. Kukhala maola ambiri m'ndege opaleshoni itangochitika kungachititse magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, choncho tikiti ikhale yotheka kusintha tsiku. Dokotala wodzamuyang'anira kwawo apezeke wodwala asananyamuke, ndipo wodwalayo abwere ndi lipoti lonse la opaleshoni ndi mayina a mankhwala.