Malume, musamusiye ku Sun City kuti akaphunzire

Bambo ena a ku Rosettenville, mu Johannesburg kuno ku South Africa, andilembera pa imelo. Mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa zaka 22 amene anamuitanitsa okha kuchokera ku Dedza, apolisi anamupeza ndi timapaketi tiwiri ta nyaope m'sokosi. Khoti lamuikira belo ya R1,000, koma abale akuti asalipire, amusiye ku Sun City, ndende ya ku Johannesburg, aone zakuda kuti nzeru zibwerere. Ndiye akufunsa: kodi ndende si imene ingamuwongole? Nanga amene akufuna kuti malamulo a mankhwala ozunguza bongo afewe, sakufuna kutithera ana?

Malume, funso lanu landigwira mtima chifukwa mawu oti "musiyeni aphunzire" amatuluka m'kamwa mwa anthu otopa, osati ankhanza. Munthu amene waberedwa ketulo, ayironi, foni, mpaka mpope wa kubafa ndi mwana amene amadya naye mbale imodzi, akamva kuti mwanayo ali m'chitokosi amagona tulo koyamba pa miyezi ingapo. Zimenezo sindikuzipeputsa. Koma ndende siiphunzitsa chimene mukuyembekezacho, ndipo chifukwa chake chili m'thupi la mnyamatayo.

Nyaope ndi heroin wosayengeka bwino, wosakaniza ndi ufa wina wongochulutsira. Ambiri amawaza pa chamba n'kusuta, ena amasungunula n'kudzibaya. Thupi likazolowera, pakangotha maola 6 mpaka 24 osaupeza limayamba kulipiritsa. M'mimba mumapota, munthu amasanza ndi kutsegula nthawi imodzi, mphuno ikuchucha, thukuta lili kamukamu koma iye akunjenjemera, mafupa akuphwanya, tulo osabwera. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndiye pachimake, ndipo pakatha sabata zimayamba kuzirala. Mnyamata amene wadzipinda pansi atagwira mimba, ali ndi R30 m'thumba, mumuuze kuti lamulo limalola kumumanga zaka 15. Sakumvani. Akuwerenga mphindi, zaka sakuziona n'komwe. Chilango chimaopsa munthu amene angathe kukhala pansi n'kuyeza phindu ndi tsoka, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene heroin amayamba kulanda.

Pali china chimene abale ambiri sachidziwa. Ngati angakhale m'ndende osasuta, thupi limataya kuzolowera kuja, koma chibaba chimatsala. Tsiku lotuluka akasuta mlingo wake wakale, mpweya ukhoza kuima. Masabata awiri oyamba munthu atatuluka m'ndende ndi amene ngozi yofa ndi heroin imakhala yaikulu kwambiri. Ndati "ngati" chifukwa m'ndende namonso mankhwalawa amalowa, ndipo wolowa wopanda ndalama amagula ndi ngongole kwa magulu a m'katimo. Ngongole ya kumeneko amaibweza m'njira zimene sindingalembe pano.

Lamulo limene lamugwira ndi Drugs and Drug Trafficking Act ya 1992. Gawo 4 limaletsa kupezeka ndi mankhwala kapena kuwagwiritsa ntchito, ndipo chilango chimafika zaka 15. Gawo 5 ndi la malonda, zaka mpaka 25. Lamulo lina la 1997 linawonjezera kuti wogulitsa katundu woposa R50,000, kapena woposa R10,000 ngati ali m'gulu, ayambire pa zaka 15 ngakhale utakhala mlandu wake woyamba. Choncho amene amati malamulo a kuno ndi ofewa sanawawerenge. Ndipo dziko lino linayesapo nkhanza zoposa pamenepa. Mu 1971 boma la tsankho la azungu linakhazikitsa lamulo loti wopezeka ndi chamba asachepere zaka 2 m'ndende, wogulitsa zaka 5. Ndende zinadzaza, makamaka ndi anthu akuda. Chamba sichinathe, m'malo mwake zaka zomwezo mapiritsi a Mandrax anafalikira, kenako kunabwera tik (mankhwala ena osuta, methamphetamine), kenako nyaope. Zaka zoposa 50 za chikwapu, ndipo lero mwana wa sukulu akhoza kukulozerani pogula.

Imani tsiku lina pakona pamene pamagulitsidwa, muone mmene zimayendera. Wogulitsa sasunga katundu pathupi. Amakhala ndi timapaketi tochepa m'kamwa kapena m'dzanja, tambiri tili m'mng'alu wa khoma kapena pansi pa njerwa kutsidya kwa msewu. Wina amaima patali kuyang'ana galimoto ya polisi. Ikatulukira, pamveka kalikhweru, ogulitsa asungunuka ngati mchere m'madzi. Otsala ndi aja okoka ngolo za mabotolo ndi zitini, amene angosuta kumene ndipo miyendo yalemera. Amenewo ndiwo amakwera galimoto. Mwini katundu weniweni sanafikepo pakonapo chiyambire, ndipo wogulitsa mmodzi akagwidwa m'mawa, madzulo paima wina. Lamulo lolanga wopezeka ndi mankhwala limakola amene ndi wosavuta kukola, basi. Pamenepa ine sindigwedezeka: kumanga munthu chifukwa cha timapaketi tiwiri ta iye mwini ndi kuwononga ndalama za boma ndi moyo wa mwana nthawi imodzi, ndipo lamulo limeneli liyenera kusintha.

Taonani ulendo wa timapaketi tiwirito. Tiyenera kupita ku labotale ya polisi kuti akatsimikize kuti ndi heroin, ndipo kumeneko ntchito inaunjikana. Mlandu umaimitsidwa mwezi uno, mwezi wa mawa, mwezi winawo, kudikira pepala limodzi. Nthawi yonseyi wapolisi, woimira boma, majisitireti, womasulira, galimoto yonyamula akaidi, onse akudyera pa mlandu wa ufa wosakwana supuni yaing'ono, pamene mayi amene anathyoleredwa nyumba akuuzidwa kuti galimoto palibe.

Nkhani ya chamba yasokonezanso anthu athu, ndiye ndiloleni ndipatuke. Pa 18 September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, m'chigamulo chimene anawerenga Raymond Zondo pa mlandu wa Gareth Prince, linati munthu wamkulu akhoza kusuta, kusunga ndi kulima chamba cha iye mwini kumalo kwa yekha. Mu 2022 khoti lomwelo linati ana opezeka ndi chamba asamazengedwe ngati zigawenga, ndipo mu May 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira Cannabis for Private Purposes Act. Koma kugulitsa ndi mlandu ndithu, kusutira pagulu n'koletsedwa, ndipo zonsezi sizikhudza nyaope, tik kapena Mandrax ngakhale pang'ono. Choopsa kwa ife ndi mabasi. Wina ku Lilongwe amakupatsira kaphukusi kuti "ndi nsomba ndi ufa, mukapatse achimwene ku Park Station", iwe osamasula. Kulowetsa chamba m'dziko lino, lamulo la 1992 limakuwerenga ngati malonda, ndipo pa Beitbridge palibe amene adzamve zoti unangotumidwa. Kumudzi nakonso lamulo la 2020 linangolola kulima ndi chiphaso, cha mankhwala a chipatala ndi cha m'mafakitale. Kusuta n'koletsedwabe.

Tsono ku funso lanu lachiwiri, loti malamulo akafewa ana satha kodi. Mantha amenewa ali ndi maziko. Amayi a ku Eldorado Park amene analembera kalata Pulezidenti Jacob Zuma mu 2013, mpaka iye anapitako, ankalira ana awo enieni. Dziko limene linayesa njira ina mosamala ndi Portugal. Kuyambira July 2001, wopezeka ndi mankhwala a iye mwini osaposa a masiku 10 satengeredwa kukhoti. Mlingo unalembedwa poyera: galamu 1 ya heroin, magalamu 2 a cocaine, magalamu 25 a chamba. Mankhwalawo amalandidwa, munthuyo amakaonekera pamaso pa kagulu ka anthu atatu odziwa za malamulo, za umoyo ndi za chisamaliro cha anthu, amene angamutumize ku chithandizo kapena kumupatsa chindapusa. Wogulitsa amamangidwa monga kale. Chiwerengero cha otenga HIV kudzera m'singano chinatsika kwambiri, ndipo imfa za mankhwala kumeneko ndi zochepa poyerekeza ndi mayiko ambiri a ku Ulaya. Koma Portugal sinangofufuta mlandu, inathira ndalama m'zipatala, m'methadone ndi m'kupezera anthu ntchito. Dera la Oregon ku America linavotera kuchotsa mlandu mu 2020 n'kuika chindapusa cha madola 100, chithandizo chisanakonzeke, pa nthawi imene fentanyl, mankhwala amphamvu kuposa heroin, ankalowa mwamphamvu. Anthu anayamba kusutira m'misewu masanasana, nzika zinakwiya, ndipo pa 1 September 2024 mlandu unabwerera. Amene amatchula Portugal yokha akubisa theka la nkhani, chimodzimodzi amene amatchula Oregon yokha. Kuno chofunika ndi mlingo wolembedwa wosiyanitsa wosuta ndi wogulitsa, kuti zisamadalire maso a wapolisi pamsewu, pamodzi ndi malo okwanira olandirira anthu. Chitsanzo chili pafupi: ku Tshwane, pulogalamu ya COSUP imene mzinda unayamba ndi University of Pretoria mu 2016 imapereka methadone, singano zatsopano ndi uphungu m'madera momwemo. Methadone ndi mankhwala akumwa kamodzi pa tsiku amene amaletsa kupota kwa m'mimba kuja popanda kuledzeretsa ngati mlingo wake wakhazikika, kotero munthu amatha kudzuka n'kupita kuganyu. Kungomutsekera masabata angapo kuti "magazi ayere" n'kumubweza pakona pomwe paja, ambiri amabwerera.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi mapepala ake

Kwa mwana wa kuno, mlandu wotere umasiya dzina loipa m'mabuku a polisi, limene limatuluka paliponse pofunsira ntchito yaulonda, yoyendetsa galimoto kapena ya m'sitolo. Amaloledwa kupempha kuti lifufutidwe pakatha zaka 10, ngati chilango chinali chaching'ono, monga chindapusa chosaposa R20,000. Kwa ife obwera nkhani ndi ina. Gawo 29 la Immigration Act ya 2002 limati wopezeka wolakwa pa mlandu wa mankhwala ozunguza bongo ndi munthu woletsedwa m'dziko lino, pamndandanda umodzi ndi opha anthu ndi ozembetsa anthu. Sapatsidwa pemiti, saloledwa kulowa, pokhapokha mkulu wa Home Affairs atamuchotsapo pa zifukwa zomveka. Ndiye "kuphunzira" kumene abale akunenako kukhoza kuthera ku Lindela ku Krugersdorp, kosungira obwera amene akubwezedwa kwawo, kenako basi ya ku Mwanza, n'kukamutula kwa mlongo wanu ali ndi chibaba chake chomwecho, kumudzi kumene methadone sadzamuona.

Apa ndi pamene anthu athu amagwa m'mbuna ya "chindapusa chovomera kulakwa". Wapolisi kapena woimira boma amatha kunena kuti lipirani pang'ono nkhani ithe, simubweranso kukhoti. Zimamveka ngati chifundo kwa munthu amene wagona pasimenti masiku atatu. Koma kusaina pepala limenelo, limene kupolisi amalitcha J534, zidindo za zala zitatengedwa kale, lamulo limakuwerenga ngati khoti lakupeza wolakwa. Belo ndi ina, chindapusa ndi china. Belo ndi chikole, imabwezedwa mlandu ukatha ngati sanajombe kukhoti. Chindapusa sichibwerera, ndipo chimasiya dzina. Wina aliyense akakupemphani ndalama, funsani kuti ndi ya chiti, ndipo popanda lisiti musatulutse.

Lipirani belo ija, malume, kwa kalaliki wa kukhoti kapena kundende komweko, lisiti musunge inuyo chifukwa amabwezera amene ali nalo. Tsiku la khoti mulembe pakhoma, akajomba belo imapita ndipo chikalata chomumangira chimatuluka. Apemphe loya wa Legal Aid South Africa, ndi waulere ndipo obwera nawonso amathandizidwa, apemphenso womasulira Chichewa, ndi ufulu wake. Asavomere mlandu asanakambirane ndi loyayo za gawo 29. Tsiku lotuluka musamusiye yekha, mupite naye ku SANCA, bungwe lothandiza ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kapena kwa wa zachisamaliro cha anthu ku kiliniki kuti akamuyeze, ayezetsenso HIV ndi matenda a chiwindi ngati ankadzibaya, ndipo mufunse za methadone ndi za naloxone, mankhwala odzutsa munthu amene mpweya ukuima. Kalata yosonyeza kuti wayamba chithandizo muipereke kwa loya, alembere mkulu wa oimira boma pakhotipo kupempha kuti mlandu upatutsidwe, mnyamatayo akachite pulogalamu ngati za NICRO, bungwe lothandiza olakwira malamulo kusintha khalidwe. Woimira boma ali ndi ufulu wokana, koma pa mlandu woyamba wa timapaketi tiwiri mwayi ulipo, ndipo akamaliza pulogalamuyo mlandu umachotsedwa popanda dzina kulembedwa. Mlandu ukangochotsedwa pamndandanda chifukwa zotsatira za ku labotale zachedwa, dziwani kuti sunathe, akhoza kumuitananso zikafika, choncho mukasamuka nyumba muuze wapolisi wofufuza. Ngati masiku a m'pasipoti yake anatha, umenewo ndi mlandu wina pawokha, loya aumve kwa inu tsiku loyamba, asakaumvere m'khoti.